Maphunziro a Zachuma ndi Chitukuko ku Yunivesite: Mbiri Yake Tikaiyang'anira kwa Katuli

Dziko la Mfumu Katuli lili ku mapiri a kum'maŵa kwa boma la Mangochi, kupitirira Namwera, m'malire ndi chigawo cha Niassa cha dziko la Mozambique. Anthu ake ambiri ndi Ayao, ndipo ochuluka mwa iwo ndi Asilamu. Amalima chimanga, nyemba, mtedza ndi fodya. Anyamata ena amatsikira ku nyanja kukasodza, ena amapita ku Joni kukafuna maganyu. Wina angafunse kuti kodi dera lotere likukhudzana bwanji ndi maphunziro a zachuma ndi chitukuko amene amaphunzitsidwa m'mayunivesite. Yankho lake nlakuti pafupifupi nzeru iliyonse yaikulu imene akatswiri a maphunziro ameneŵa adatulukira m'zaka 70 zapitazi idayesedwa pa minda, pa thukuta ndi pa mbale za anthu onga a kwa Katuli. Iwo akhala akuŵerengedwa, kuyezedwa ndi kulembedwa m'mabuku, koma ana ao adachedwa kwambiri kuloŵa m'kalasi m'mene mabukuwo amaŵerengedwa. Nkhani ino ikulongosola m'mene zimenezi zidachitikira, ndiponso chifukwa chake wansembe sayenera kuzitenga ngati za ena.

Chuma chidalipo maphunziro asanafike

Tisaganize kuti nzeru za malonda zidabwera ndi Azungu. M'zaka za m'ma 1800 Ayao anali amalonda otchuka pakati pa nyanja yathu ndi gombe la nyanja ya Indian. Maulendo ao ankafika ku Kilwa ndi ku Quelimane atasenza minyanga ya njovu, nkubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. M'malonda omwewo munalinso tchimo lalikulu la kugulitsa anthu, ndipo mafumu monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi adakula mphamvu chifukwa cha iwo. Pamene David Livingstone ankalankhula ku yunivesite ya Cambridge m'chaka cha 1857, adaphunzitsa kuti ukapolo udzatha pokhapokha Chikhristu chitadza pamodzi ndi malonda oyenera. Tinganene kuti imeneyi ndiyo nzeru yoyamba ya chitukuko imene idakonzedwera dziko lino ku yunivesite ya kutali.

Amishoni Achikatolika oyamba kukhazikika m'dziko muno adakhala m'dera lomweli. Abambo Oyera adafika kwa Mponda m'mwezi wa Disembala 1889, natsekula kasukulu ndi kumathandiza odwala, koma adachokapo m'mwezi wa Juni 1891 osabatiza khamu la anthu. Chaka chomwecho Angerezi adamanga linga la Fort Johnston, ndipo mu 1895 adagonjetsa Jalasi pa phiri la Mangochi. Njira zakale za malonda zidatsekeka, m'malo mwake mudaloŵa msonkho wa nyumba. Mwamuna amene kale ankatsogolera ulendo wa ku gombe tsopano adayenera kukagwira ntchito kwa Mzungu kapena ku migodi ya kum'mwera kuti apeze ndalama ya msonkho.

Apa padachitikanso china chimene zotsatira zake tikuziwonabe. Boma la atsamunda lidasiyira amishoni ntchito ya sukulu, ndipo nthambi yake yoona za maphunziro idakhazikitsidwa mochedwa, mu 1926. Makolo Achisilamu ankaona kuti sukulu ndi khomo loloŵera m'tchalitchi, choncho ambiri adakana kutumizako ana ao, nakhutira ndi madrasa. Mantha aowo sanali opanda maziko, pakuti m'sukulu zambiri katekisimu ndi kuŵerenga zinkayendera limodzi. Motero pamene ana a ku Livingstonia ndi ku Blantyre ankasanduka akalaliki ndi aphunzitsi, ana a ku Namwera ndi kwa Katuli adatsalira. Mmodzi mwa anthu a ku yunivesite amene adakhala nthaŵi yaitali m'midzi ya Ayao anali mlendo, J. Clyde Mitchell, amene adachita kafukufuku kuyambira 1946 mpaka 1949 nasindikiza buku lake The Yao Village mu 1956.

Kubadwa kwa maphunziro a chitukuko

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, maiko ambiri a mu Asia ndi mu Africa adayamba kulandira ufulu wodzilamulira, ndipo funso lidabuka lakuti maiko osaukaŵa angalemere bwanji. Mu 1954 W. Arthur Lewis, munthu wakuda wa ku chilumba cha Saint Lucia amene ankaphunzitsa ku Manchester, adapereka yankho limene lidatchuka kwambiri. Iye adati m'midzi muli anthu ambiri amene ntchito yao siwonjezera kanthu pa zokolola. Anthu otere akasamukira ku mafakitale ndi ku minda ikuluikulu pa malipiro ochepa, eni chuma adzapeza phindu lalikulu, phindulo adzalibzalanso, ndipo dziko lidzakula mpaka malipiro nawonso adzakwera. Mu 1960 W. W. Rostow wa ku America adawonjeza kuti maiko onse amadzera m'masitepe asanu ofanana, kuchokera ku moyo wa makolo kufikira ku moyo wa mwanaalirenji.

Ophunzira oyamba a zachuma m'Malaŵi adakumana ndi nzeru zotere. Yunivesite ya Malaŵi idakhazikitsidwa mwa lamulo mu Okotobala 1964, ndipo idayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu Seputembala 1965 ndi ophunzira 90 okha. Koleji ya zaulimi ya Bunda idatsatira, ndipo mu 1973 koleji ya Chancellor idasamukira ku Chirunga, mu mzinda wa Zomba. Aphunzitsi ambiri a masiku amenewo anali ochokera kunja, mabuku nawonso anali akunja. Boma linkafuna anthu odziŵa kuŵerengera chuma cha dziko ndi kulemba mapulani, ndipo yunivesite idaŵapereka. Koma Mmalaŵi amene adadzatchuka koposa onse pa maphunziro ameneŵa, Thandika Mkandawire, sadathe kuphunzitsa kwao. Boma lidamlanda chiphaso choyendera mu 1965 akuphunzira ku America, ndipo adakhala kunja zaka pafupifupi 30. Adatsogolera bungwe la akatswiri a mu Africa la CODESRIA ku Dakar kuyambira 1986 mpaka 1996, kenaka bungwe la kafukufuku la UNRISD ku Geneva, natsiriza ali profesa ku London School of Economics. Adamwalira mu 2020.

Nzeru za m'buku zifika pa munda

Ndondomeko ya chitukuko ya boma ya zaka za 1971 mpaka 1980 idaika mtima pa ulimi, ndipo m'zochitika zake idakondera minda ikuluikulu ya maesiteti. Malamulo atatu adagwirira ntchito limodzi. Lamulo la malo la 1965 linkalola kuti malo a makolo asandutsidwe a lendi. Lamulo la mbeu zapadera linkaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale pa munda wake. Ndipo bungwe la ADMARC, limene lidaloŵa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, ndilo linkagula mbeu za alimi ang'onoang'ono pa mitengo imene boma lidaika. Mapiri a Namwera ndi madera oyandikana nawo, pokhala a nthaka yabwino ndi mvula yokwanira, adadzaza ndi maesiteti a fodya, ndipo anthu ambiri adasanduka matenanti ndi aganyu.

Antchito otsika mtengo amene Lewis ankanena adapezekadi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha Amalaŵi oposa 70 amene ankachokera ku migodi. Pulezidenti Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo amuna oposa 100,000 adabwerera kumudzi pa nthaŵi imene maesiteti ankasoŵa manja. M'zaka zimenezo chuma cha dziko chinkakula ndi magawo oposa 5 pa 100 chaka ndi chaka, ndipo alendo ambiri ankatamanda Malaŵi ngati chitsanzo chabwino.

Akulu adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mu 1982 akatswiri aŵiri a zachuma, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, adafufuza kumene kunkachokera ndalama zomangira maesiteti. Adapeza kuti ADMARC inkagula fodya, thonje ndi mtedza kwa mlimi wamng'ono pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene inkagulitsira kunja, ndipo phindulo linkabwerekedwa kapena kuikidwa m'maesiteti ndi m'makampani a anthu akuluakulu, makamaka Press Holdings. Kunena kwina, mlimi wosauka ndiye ankalipira munda wa munthu wolemera, kenaka nkudzagwiramo ntchito pa malipiro osakwana. Kafukufuku wina adaonetsa kuti maesiteti adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1,200 mu 1979 kufika pa oposa 14,000 pomatha zaka khumi. Masamu omwewo amene adakometsera ndondomekoyo ndiwo adaululanso chinsinsi chake. Kusiyana kwake kudali pa funso: oyamba ankafunsa kuti chuma chakula bwanji, achiŵiri adafunsa kuti chachoka m'thumba la yani ndipo chaloŵa m'thumba la yani.

Mau a Eklezia

Funso lachiŵirili Eklezia adali atalifunsa kale, ndipo adaliphunzira kwa wansembe amene mbiri yake ingakondweretse aliyense wogwira ntchito m'mbali mwa nyanja. Bambo Louis-Joseph Lebret, wa chipani cha Adominiko, adayamba wakhala msilikali wa pamadzi. Kuyambira 1929 adatumikira asodzi a ku Saint-Malo ku France, amene ankasauka chifukwa zombo zikuluzikulu za makampani zinkaŵalanda nsomba ndi msika. Iye sadakhutire ndi kuŵalalikira za kupirira. Adayenda doko ndi doko kufunsa mitengo ya nsomba, ngongole za asodzi ndi zimene mabanja ao ankadya, nalemba zonse mwadongosolo. Mu 1941 adayambitsa bungwe la Économie et Humanisme, ndipo pambuyo pake adalangiza maboma monga la Senegal. Adamwalira mu 1966, koma maganizo ake adaloŵa m'kalata ya Apapa Paulo VI yotchedwa Populorum Progressio, ya pa 26 Malichi 1967.

Kalata imeneyi idaphunzitsa kuti kukula kwa chuma pakokha sindicho chitukuko. Chitukuko choona chiyenera kufikira munthu aliyense osasiyapo wina, ndiponso kukhudza umunthu wake wonse, thupi, nzeru ndi mzimu. Idatinso malonda a pakati pa wamphamvu ndi wofooka sakhala achilungamo chifukwa chabe chakuti onse aŵiri avomera mtengo, pakuti wanjala amavomera chilichonse. Patangopita zaka ziŵiri, mu 1969, Dudley Seers wa ku Sussex adauza akatswiri anzake kuti dziko lisamatchedwe lotukuka ngati umphaŵi, ulova ndi kusiyana pakati pa anthu zikukulirakulira, ngakhale chuma chake chitaŵirikiza. Amartya Sen mu 1981 adaonetsa kuti anthu amafa ndi njala ngakhale chakudya chilipo m'dziko, ngati alibe njira yochipezera. Megan Vaughan, amene adaphunzitsapo ku Chancellor, adalemba za njala ya 1949 m'boma la Blantyre atamvetsera zimene amai okalamba ankakumbukira. Pang'onopang'ono maphunziro a chitukuko adaphunzira kukhala pa mkeka ndi kufunsa eni ake. Ku Zomba nthambi ya kafukufuku ya Centre for Social Research idakhazikitsidwa mu 1979 kuti izichita ntchito yotereyi.

Zaka zoŵaŵa ndi kalata ya 1992

Pomafika 1979 mafuta adakwera mtengo, fodya adatsika, ndipo ngongole zidachuluka. Mu 1981 Malaŵi adalandira ngongole yoyamba ya World Bank yokonzera chuma, imene idadza ndi malamulo ake: boma lichepetse ndalama zimene limaononga, kwacha ichepe mphamvu, chithandizo cha pa mtengo wa feteleza chichotsedwe pang'onopang'ono. Mu 1987 amalonda wamba adaloledwa kugula mbeu, ndipo misika ina ya ADMARC idatsekedwa. M'buku nzeruyi inkaoneka yolongosoka, pakuti ogula akachuluka mtengo uyenera kukwera. Koma ku mudzi wa m'malire kumene mseu umaduka m'dzinja ogula sachuluka. Amafika mmodzi ndi sikelo yake, ndipo mtengo amanena ndi iye. Nthaŵi yomweyo nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo kuyambira 1986 othaŵa nkhondo adakhamukira m'dziko muno mpaka adapitirira 1,000,000. Midzi ya m'malire a Mangochi idalandira abale ao a ku Niassa nkugaŵana nawo minda ndi nkhuni. Mu 1992 kafukufuku wa zaumoyo adapeza kuti pafupifupi theka la ana osakwana zaka zisanu m'Malaŵi anali opinimbira.

Zambiri mwa izi zinkadziŵika ku yunivesite, koma kuzinena poyera kudali koopsa. Amene adazinena ndi Aepiskopi. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata yao idaŵerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Mmodzi mwa amene adasaina anali Ambuye Alessandro Assolari, Episkopi woyamba wa dayosizi ya Mangochi, imene idakhazikitsidwa mu 1973. Ambiri amakumbukira kalatayo chifukwa cha zimene idanena pa ufulu wa kulankhula, koma mbali yake yaikulu inali ya zachuma: kusiyana pakati pa olemera ndi osauka, malipiro osakwanira banja, mitengo yotsika ya mbeu za alimi, kuchepa kwa sukulu ndi zipatala. Boma lidati kalatayo njoukira, nyumba yosindikizira mabuku ya Abambo a Chimontfort ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsinyolo John Roche adathamangitsidwa m'dziko. Oyamba kuyenda m'miseu povomereza Aepiskopi anali ophunzira a ku Chancellor. Apa guwa ndi kalasi zidakumana: zimene ophunzira ankaziwona m'ziŵerengero, abusa adazinena m'chilankhulo chimene mlimi adamva. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 idatsatira.

Zimene zidachitika pambuyo pake

Ufulu wa zipani zambiri sudathetse kuyesa nzeru pa anthu a kuno. Kuyambira 1990 mlimi wamng'ono adaloledwa kulima fodya wa bale, ndipo maesiteti ambiri adayamba kugwa. Mu 1994 sukulu ya pulayimale idakhala yaulere, ana olembetsa nkuchuluka kuchoka pa pafupifupi 1,900,000 kufika pa pafupifupi 3,000,000, ngakhale aphunzitsi ndi zipinda sizidakwane. Mu 2005 adadza makuponi a feteleza. Pakati pa 2004 ndi 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo, yothandizidwa ndi World Bank, idagula maesiteti kwa eni ake ofuna kugulitsa nkukhazikapo mabanja oposa 15,000, ambiri m'maboma a Mangochi ndi Machinga, ena ochokera ku Thyolo ndi Mulanje. Malo amene adachoka m'manja mwa alimi m'dzina la chitukuko adabwerera kwa alimi m'dzina la chitukuko lomwelo. Mabanja ambiri adakolola chimanga chochuluka kuposa kale, koma ena adapeza kuti madzi, chipatala ndi msika zili kutali.

Ku nyanja nako kudali phunziro lake. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chidachepa kwambiri pomafika zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono ndi kuchuluka kwa asodzi. Malamulo ochokera ku ofesi atalephera, mu 1993 boma lidayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko. Zidaoneka kuti komiti imagwira ntchito pamene mafumu, eni makoka ndi anyamata okoka khoka onse akumvana, osati pamene yangosankhidwa kuti ikondweretse alendo obwera ndi galimoto. Izi ndi zomwe Bambo Lebret adaziwona ku Saint-Malo zaka 60 m'mbuyomo.

Eklezia nayenso adaloŵa m'maphunziro ameneŵa. Mu 2002 Abambo Oyera adatsekula Centre for Social Concern ku Kanengo, imene idadziŵika ndi kuŵerengera ndalama zimene banja limasoŵa pa mwezi kuti lidye ndi kukhala moyenera. Mu 2006 Yunivesite ya Katolika idatsekulidwa ku Nguludi, ndipo m'maphunziro ake muli a zachuma ndi a chitukuko.

Phunziro kwa ife

Abale anga ansembe ndi inu aseminale, mbiri imeneyi ikutiphunzitsa zinthu zitatu. Choyamba nchakuti maphunziro a zachuma sali oipa ndipo sali oyera. Ali ngati mpeni umene umasenda chinangwa komanso umacheka chala. Wansembe amene amaŵanyoza ponena kuti nza dziko lapansi adzadalitsa esiteti osadziŵa mgwirizano umene tenanti wasaina. Amene amaŵapembedza adzabwereza pa guwa mau a wopereka ngongole. Mseminale amene amatha zaka akuphunzira filosofi ndi teoloji ayeneranso kudziŵa kuŵerenga bajeti ya khonsolo, kumvetsa chifukwa chimene kugwa kwa kwacha kumakwezera mtengo wa feteleza, ndi kuŵerengera chiwongoladzanja cha katapila. Popanda zimenezi chiphunzitso cha Eklezia pa za chilungamo chimangokhala mau okoma.

Chachiŵiri nchakuti akatswiri adayamba kunena zoona pamene adafika pa mudzi nkufunsa. Wansembe ali nazo kale zimene wofufuza amazifuna ndi ndalama zambiri. Amakhala pakati pa anthu dzinja ndi chilimwe, amadziŵa mwezi umene maliro a ana amachuluka, amadziŵa mabanja amene bambo ali ku Joni ndi amene adagulitsa chimanga chisanakhwime. Miphakati ndi makomiti a CADECOM angathe kulemba mitengo ya mbeu ndi ya nsomba mwezi ndi mwezi, monga adachitira Bambo Lebret, kuti pokalankhula ndi akuluakulu a boma tizinyamula umboni osati madandaulo okha.

Chachitatu ndicho chachikulu. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1,100,000 m'boma la Mangochi, koma bomali likadali m'gulu la maboma amene ana ambiri amasiyira sukulu panjira, atsikana chifukwa cha maukwati aubwana, anyamata chifukwa cha nyanja ndi ulendo wa ku Joni. Ngakhale ndondomeko yogaŵa malo a ku yunivesite potsata maboma, imene idathetsedwa mu 2020, sikadatha kuthandiza mwana amene sadafike Sitandade 8. Popeza sukulu ya mishoni ndiyo idachititsa makolo a kuno mantha, sukulu ya mishoni yomweyo iyenera kuchotsa manthawo, polandira mwana wa Msilamu monga alili, ndi kugwirizana ndi mashehe pa nkhondo yosunga ana m'kalasi. Ntchito imeneyi siyenera kuyezedwa ndi chiŵerengero cha obatizidwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Tsiku limene mtsikana wobadwira kwa Katuli, wodziŵa Chiyao ndi mtengo wa thumba la nyemba, adzakhale pa mpando wolemba ndondomeko ya chuma, mafunso amene akatswiri adatenga zaka 30 kuti aŵafunse iye adzayamba nawo m'maŵa woyamba.